CV imanena, portfolio imaonetsa

Achemwali, mwati komwe mwafunsira ntchito akufunanso portfolio, ndiye mukudabwa kuti muikamo chiyani poti CV ndi masatifiketi munatumiza kale. Ndiyankheko, chifukwa ineyo zinandichititsapo manyazi zimenezi.

Mu CV mumadzichitira umboni nokha: ndimatha chakuti, ndinagwirapo kwakuti. Aliyense angalembe zimenezo, ngakhale amene sanagwirepo. Satifiketi nayo imangonena kuti munakhala m'kalasi n'kukhoza mayeso. Portfolio ndi ntchito yeniyeniyo, mwaiyala poyera kuti bwana aione ndi maso ake.

Ndiye musangounjikamo zonse zimene munachitapo chibadwire. Sankhani 5 kapena 6 zimene mukhoza kuzifotokoza mopanda chibwibwi atakupanikizani ndi mafunso, ndipo yabwino kwambiri ikhale koyambirira. Wowerengayo ali ndi mulu wa makalata, mwina safika n'komwe kumapeto.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa mawu a pansi pa chithunzi. Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi. Chithunzi muli chilili pa bolodi, choko m'manja, sichinena kanthu. Amangoona kuti munatchena. Koma ikani tsamba la mwana la kumayambiriro kwa teremu, pomwe amasokoneza b ndi d, pambali pake tsamba la mwana yemweyo la kumapeto kwa teremu. Pansi lembani mizere itatu: vuto linali chiyani, inu munatani, zinatha bwanji. Dzina la mwanayo muphimbe. Telala, mmisiri wa matabwa, wojambula, onse njira ndi yomweyo: zisanayambe, zili mkati, zitatha. Ngati munagwira pagulu, nenani mbali yanu yokha. Kudzikundikira ntchito ya anthu anayi kumaululika ndi funso limodzi lokha pa intavyu. Ndipo zikalata za kumene munkagwira kale, pemphani kaye chilolezo musanaziike, makamaka zokhala ndi mayina a makasitomala kapena ndalama zawo.

Za koika, zimatengera ntchito yanu. Ojambula ndi opanga madizaini amakonda tsamba la pa intaneti loonetserapo ntchito zawo lotchedwa Behance, limene lili m'manja mwa kampani ya Adobe kuyambira 2012. Olemba mapulogalamu a kompyuta kwawo ndi ku GitHub. Pa LinkedIn, tsamba lolumikiza anthu pa nkhani za ntchito, pali gawo lotchedwa Featured pomwe mungapachike zikalata ndi malinki. Koma kunena zoona, kwa ambirife PDF imodzi yosanjidwa bwino imakwana. Muichepetse isalemere, chifukwa Gmail salola kumata fayilo yopitirira 25 MB pa imelo, komanso si onse ali ndi intaneti yothamanga. Mavidiyo aikeni pa Google Drive, amapatsa 15 GB yaulere, mu PDF muja mungoikamo linki.

Apa ndi pomwe ndinagwa nayo. Ndinakonza zonse usiku wathunthu, n'kutumiza linki ya foda yanga ya pa Google Drive, n'kukhala phee kudikira foni. Patadutsa sabata ziwiri m'pamene ndinaona mu imelo kuti wina anapempha chilolezo chotsegula fodayo. Ndinali nditaiwala kusintha kuti aliyense wokhala ndi linki athe kuona. Pomwe ndimatsegula, ntchito anali atapatsa kale wina. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndatumizira mnzanga kuti ayese pafoni yake, osati pa yanga, poti yanga imatsegula chilichonse.

Musungenso zanu zonse pa kompyuta kapena pa flash. Masamba a pa intaneti amafa. Google+ inatsekedwa mu 2019, ndipo amene sanakopere zawo nthawi ilipo zinapita nayo. Zithunzi zimene anthu akutumizirani pa WhatsApp muziwapempha atumize ngati document, apo ayi zimabwera zitafinyidwa, pozisindikiza zimaoneka mbuu.

Ngati adzakuitanani, sindikizani masamba angapo mupite nawo mu fayilo, poti netiweki sidziwa kuti lero muli ndi intavyu. Ndipo dzina la PDF likhale dzina lanu ndi ntchito yanu, osati "final final 3" ngati zija timachitira tikamasunga pakati pausiku. Tatiuzani kuti ntchito mwafunsirayo ndi yanji, tithandizane kusankha zoti zikhale patsamba loyamba.