Za akatswiri a Wimbledon ndi ulendo wa mwana wanu

Mayi, mwafunsa kuti ndani anapambana kwambiri pa mpikisano wa tenisi wa Wimbledon, komanso ngati n'kwanzeru kupita ndi mwana wanu ku London pa nthawi ya mpikisanowu kuti akaone akatswiriwo.

Amene akuyankhani kuti ndi Novak Djokovic chifukwa ali ndi zikho 24 asokoneza zinthu. Zikho 24 zimene akunenazo ndi za mipikisano ikuluikulu yonse inayi kuphatikiza pamodzi, koma ku Wimbledon iye anapambana maulendo 7 pakati pa 2011 ndi 2022, mofanana ndi Pete Sampras. Kumbali ya amuna, Roger Federer anatenga chikhochi maulendo 8, ndipo kuyambira 2003 mpaka 2007 sanachiphonye chaka n'chimodzi chomwe. Woposa onse ndi wosewera wamkazi Martina Navratilova, amene pa masewero a mmodzimmodzi anapambana maulendo 9 pakati pa 1978 ndi 1990, ndipo ndadabwa kuti m'gulu lonse lino palibe wamutchula.

Federer ndi Navratilova anapuma kale pa masewerowa, choncho mwana wanu sakawaona akusewera ngakhale mutalipira ndalama zochuluka bwanji. Ngati chimene akufuna ndi mbiri ya akatswiriwo, ine ndikulangizani kuti mupewe masabata awiri a mpikisano, omwe amakhala chakumapeto kwa June ndi kumayambiriro kwa July, ndipo mupite nthawi ina iliyonse kukaona nyumba yosungira mbiri ya mpikisanowu imene ili pamalo pomwepo. Kumeneko kuli zikho zenizenizo ndi zovala za osewera akale, ndipo mukalipira ulendo wokhala ndi wokuperekezani, amakulowetsani mpaka mu Centre Court, lomwe ndi bwalo lalikulu la mpikisanowu. Munthu wamkulu amalipira mapaundi cha m'ma 30, mwana n'kucheperapo. Pa nthawi ya mpikisano ulendo umenewu sukhalapo, ndipo m'nyumbamo mumalowa okhawo ali ndi matikiti a masewero.

Ngati mukufunitsitsabe kukaonera masewero, chonde musagule tikiti kwa munthu wamba wotsatsa pa intaneti. Mnzanga wina wa kuntchito anapereka mapaundi mazana angapo kwa munthu wotere, koma atafika pachipata ndi ana ake awiri anabwezedwa, chifukwa matikiti ambiri a Wimbledon saloledwa kugulitsidwanso, ndipo wogulitsayo foni anali atazimitsa. Njira yodalirika kwa amene sanapeze tikiti pa maere omwe okonza mpikisanowu amachita posankha ogula matikiti ndi kukaima pamzere ku Wimbledon Park m'bandakucha n'kugula tikiti yolowera m'mabwalo ang'onoang'ono, yomwenso ndi mapaundi cha m'ma 30 m'masiku oyambirira. Tikiti imeneyi sikulowetsani mu Centre Court, ndipo mukhoza kudikira maola ambiri pa udzu wonyowa, zomwe kwa mwana wamng'ono ndi zotopetsa kwambiri.

Mukakwera sitima ya mumzinda wa London ya panjanji yotchedwa District line mutsikire pa Southfields, chifukwa mpamene pali pafupi ndi mabwalowo kusiyana ndi siteshoni ya Wimbledon.