Mnzanu wosokoneza gemuyo, yambani mwakamba naye awiri

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mulipo asanu, mumasewera Dungeons & Dragons (D&D, gemu ya patebulo imene aliyense amasewera ngati munthu wake wa m'nkhani yopeka) Loweruka lililonse, inu ndinu DM (woyendetsa nkhaniyo ndi kugamula malamulo), koma mnzanu mmodzi amabera anzake m'nkhanimo, amapha aliyense amene mwamukonza kuti athandize gulu, ndipo mukamudzudzula amati "ndi mmene munthu wanga alili". Ndiye mukufunsa ngati mungomutumizira chinjoka chimumalize kuti atengerepo phunziro.

Chonde musatero. Njira imeneyo ine ndinayendapo. Pagulu lathu panali mnyamata amene ankasewera wakuba. Tsiku lina nkhondo ili mkati, munthu wa mtsikana wina atagwa, iye m'malo momumwetsa mankhwala ochiritsa anangomusolola botololo m'thumba n'kuchokapo. Lamulo lija mukulidziwa: munthu wako akagwa umaponya d20, dayisi ya mbali 20, ndipo ikakupatsa nambala yosafika 10 katatu, basi zako zatha. Mtsikanayo anaponya, dayisi inakana katatu konse, munthu amene anamusewera pafupifupi chaka chathunthu n'kufa. Anapinda pepala lake pakati, kuliika m'chikwama, osatulutsa liwu ndi limodzi lomwe. Ine mtima unandipsa, moti sabata yotsatira ndinabweretsa asilikali a mumzinda kuti amugwire wakubayo. Mnyamatayo anasangalala kwabasi. Madzulo onse anathera pa iye yekha, kuthyola loko, kuthawa m'ndende, enawo atangogwira m'masaya kuonerera. Kwa munthu wotere chilango cha m'nkhani chimasanduka mphoto, chifukwa chimene akusaka ndi maso a tebulo lonse.

Chimene chinathandiza ndi kukamba naye awiriwiri, tsiku lopanda gemu. Osati pamaso pa anzake, munthu akachita manyazi amauma khosi, ndiponso osati m'gulu lanu la WhatsApp. Mutchulireni chinthu chimodzi chimene chinachitikadi. Musanene kuti "iwe umasokoneza nthawi zonse", zimenezo angokana. Nenani kuti, "Tsiku lija unapha wamalonda amene mnzathu ankalankhula naye, anakhumudwa, inenso ndinali nditakonzekera gawo limenelo sabata yonse." Kenako mufunseni chimene iye amafuna akakhala patebulopo, ndipo mumvetseredi. Wathu uja anandiuza kuti pankhondo amadikira nthawi yaitali mwayi wake usanafike, ndipo ena akamacheza ndi mafumu a m'nkhani iye amasowa chochita. Kunali kutopa ndi kudikira, n'chifukwa chake ankayambitsa chipwirikiti. Ndinayamba kumupatsa ntchito yotsogola kukazonda njira, ndipo pankhondo ndimatchuliratu amene akubwera pambuyo kuti azikonzeka. Zinasintha ndithu.

Za "ndi mmene munthu wanga alili" zija musazivomere. Munthuyo anamulenga ndani? Ndi iye mwini. Ngati analenga munthu woti sangayende ndi gulu, alenge wina, kapena amupezere yemweyo chifukwa chokondera anzake. Chiyambire pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa gemuyi mu 1974, maziko ake ndi kagulu kolowera limodzi kumalo oopsa, wankhondo kudalira wochiritsa, wamatsenga kubisala kumbuyo kwa wankhondo. Wakuba angathe kukhala wakuba ndithu, bola dzanja lake lizilowa m'matumba a adani.

Mukatha kukamba naye, itanani onse mukhale pansi osaponya dayisi, mungogwirizana za kaseweredwe kanu. Ambiri amazitcha session zero, poti zimachitika nkhani isanayambe, ndipo buku la D&D la mu 2020 lotchedwa Tasha's Cauldron of Everything lili ndi gawo lofotokoza zimenezi. Ngakhale nkhani yanu ili pakati, sizinachedwe. Ife tinagwirizana lamulo limodzi limene landithandiza mpaka lero: sungaponye dayisi yolimbana ndi munthu wa mnzako pokhapokha mwiniwake atavomera. Kuba, kumenya, kulodza, zonse zimayamba zadutsa kwa iye. Mkangano wa malamulo DM amagamula pomwepo, zotsutsana mudzakambe gemu ikatha. Ngati pali nthabwala zonyansa kapena nkhanza zimene zimamangitsa ena thupi, ikani X-Card ya John Stavropoulos pakati pa tebulo, kapepala kolembedwa X koti aliyense akakagwira, nkhaniyo isinthidwe popanda kumufunsa chifukwa.

Ndikupempheninso kuti musaiwale anzanu ofatsawo. Wosokoneza amadya nthawi yathu yonse mpaka timaiwala amene akuvutika chamumtima. Mtsikana uja anatsala pang'ono kusiyiratu, ndipo ndinadziwa chifukwa choti ndinamuimbira foni. Afunseni mmodzimmodzi mmene akumvera.

Nanga akapanda kusintha? Mpatseni masabata awiri kapena atatu mutagwirizana momveka bwino. Akabwereza, muuzeni nokha pamaso kuti gemuyi mupitiriza popanda iye. N'zowawa, makamaka poti ndi mnzanu wakalekale, koma musachite zotsegula gulu lina mobisa n'kumamunamiza kuti gemu inatha. Adzamva ndithu, ndipo bodzalo ndi limene lidzaphe ubwenzi wanu, osati kumuchotsa patebulo. Muuzeni kuti kaseweredwe kake ndi ka gululi sikakugwirizana, ndipo sabata yomweyo muitaneni kokaonera filimu kapena kocheza kwina kulikonse, aone ndi maso ake kuti pakati panu malo ake akadalipo.