Zenera la padenga likhale lalikulu bwanji? Yankho kwa mayi amene akumanga ku Lilongwe

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akumanga nyumba ku Lilongwe, ndipo popeza funso lawo likukhudza anthu ambiri amene akumanga m'mapuloti opanikizana a m'tauni, ndaona kuti ndi bwino ndiwayankhe pano. Iwo akuti nyumba yafika pofolera, malata ake ndi a IBR, ndipo idzakhala ndi siling'i. Kolido ndi ya mamita 6 m'litali ndi mamita 1.2 m'lifupi, ndipo ilibe zenera chifukwa yazingidwa ndi zipinda mbali zonse. Khitchini ndi ya mamita 4 m'litali ndi mamita 3 m'lifupi, ili ndi zenera limodzi, koma zeneralo layang'anizana ndi mpanda wa njerwa umene uli pafupi kwambiri, moti masana omwe muli mdima. Kalipentala wawalangiza kuti aike lata loonekera la mamita 3 pamwamba pa kolido ndi lina lotero pamwamba pa khitchini, ndipo siling'i aiboole molingana ndi malatawo. Funso lawo ndi lakuti: kodi zimenezi zikwanira, kapena awonjezere?

Mayi, musawonjezere. Muchepetse, ndipo muchepetse kwambiri.

Poyamba tiyeni tione kukula kwenikweni kwa zimene kalipentala wanenazo. Lata la IBR likakhomedwa, mbali imene imafolera ndi mamilimita 686 m'lifupi, choncho lata la mamita 3 limatsegula malo opitirira pang'ono masikweya mita 2. Pansi pa khitchini yanu ndi masikweya mita 12, kutanthauza kuti bowolo lingakhale pafupifupi magawo 17 pa magawo 100 a chipindacho. Kolido ndi masikweya mita 7.2 okha, ndiye kumeneko bowo lingafike pafupifupi magawo 29 pa 100. Muyeso umene ambiri amayambira ndi umene unduna woona za mphamvu ku America umapereka kwa eni nyumba: zenera la padenga lisapitirire magawo 5 pa 100 a pansi pa chipinda ngati chipindacho chili kale ndi mazenera ambiri, ndipo lisapitirire magawo 15 pa 100 ngati mazenera ndi ochepa. Mukuona nokha kuti malata a kalipentala wanu adutsa kale malire apamwamba m'zipinda zonse ziwiri. Onaninso kuti muyesowo ukuwerengera pansi pa chipinda, osati kukula kwa denga kapena kutalika kwa lata limene likupezeka m'sitolo, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri amaphonya, chifukwa iwo amayambira pa lata lathunthu poopa kulidula.

Komabe ngakhale magawo 15 aja sindingakulimbikitseni kuwatsata, chifukwa anawerengeredwa mayiko amene dzuwa limayenda chapansi kwa miyezi yambiri ndipo kutentha kolowa m'nyumba nthawi yozizira amakulandira ndi manja awiri. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa mzere wa ikweta, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Ulendo woyambawo umagwera m'nyengo imene kumatentha kuposa nthawi ina iliyonse, mvula isanayambe, kumwamba kulibe mitambo yotchinga. Zenera la pakhoma nthawi imeneyo limakhala pamthunzi wa denga, koma la padenga limayang'anizana ndi dzuwa maso ndi maso. Masana otero, sikweya mita imodzi imalandira mphamvu ya dzuwa pafupifupi mawati 1,000, ndipo lata loonekera mbee limalowetsa gawo lalikulu la mphamvuyo. Masikweya mita 2 angakubweretsereni mawati 1,500 kapena kupitirira m'khitchini, zimene zili ngati kusiya hotipuleti itayaka kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka dzuwa litapendeka, m'chipinda chimene mukuphikiramo kale nsima.

Chimene chimanyenga anthu ndi chakuti maso athu sadziwa kuyeza kuwala. Panja masana dzuwa likuswa mtengo, kuwala kumafika pafupifupi ma lux 100,000 (lux ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala kogwera pamalo), ndipo ngakhale tsiku la mitambo kumakhala kuli ma lux masauzande angapo, mwina 10,000. M'khitchini munthu amafuna pafupifupi ma lux 300 kuti asankhe mpunga ndi kudula anyezi osadzicheka, ndipo m'kolido 100 ndi okwanira. Mwa mawu ena, chimene mukufuna kulowetsa m'nyumba ndi kachigawo kakang'ono zedi ka kuwala kumene kuli panja. Ndiponso bowo loyang'ana kumwamba limalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi zenera la pakhoma lofanana nalo kukula, chifukwa limaona thambo lonse, pamene la pakhoma limaona theka lokha, ndipo lanu thekalo latchingidwanso ndi mpanda. Umboni wake ndi nyali ya botolo imene makaniko wina wa ku Brazil, Alfredo Moser, anatulukira mu 2002: botolo lapulasitiki lodzaza madzi ndi mankhwala pang'ono oyeretsera, lolowetsedwa pabowo la lata, limawala masana ngati babu lakale la mawati 40 mpaka 60. Sindikunena kuti muike mabotolo panyumba yanu yatsopano, koma ndikufuna muone zimene kabowo kongokwana botolo kangachite.

Choncho malangizo anga, malinga ndi dzuwa lathu, ndi akuti muyambire pa magawo 3 mpaka 5 pa 100. M'khitchini ya masikweya mita 12 zimenezi zikupereka bowo la masikweya mita 0.36 mpaka 0.6, kutanthauza masentimita 60 mbali zonse ngati mukufuna laling'ono, kapena masentimita 60 m'lifupi ndi 90 m'litali ngati mukufuna lokulirapo. Popeza zenera lanu latchingidwa, ine ndingasankhe lachiwirilo. Tiyerekeze kuti lata, chotchinga cha pa siling'i ndi makoma a njira imene kuwala kumadutsamo kuchokera pa lata kufika pa siling'i zadya magawo 60 pa 100, n'kutsala 40 okha. Tsiku la dzuwa bowo limenelo lingakupatsenibe kuwala kofanana ndi mababu oposa 20 a LED a mawati 9, ndipo tsiku la mitambo yochindikala kungafanane ndi mababu awiri kapena atatu, zimene zikaphatikizana ndi zenera la pakhoma ndi zokwanira kugwira ntchito osayatsa magetsi. Bowolo liikidwe chakumene kuli sinki ndi tebulo lokonzera zakudya, osati pakati pa chipinda chifukwa chongofuna kuti zioneke bwino, pakuti likakhala kumbuyo kwanu mudzakhala mukudzitchinga nokha ndi mthunzi wanu. Lisakhalenso pamwamba penipeni pa firiji kapena pamene mumasunga mafuta ophikira ndi ufa.

Kolido ikufuna kuganiziridwa mwa mtundu wina, chifukwa vuto lake si kuchepa kwa kuwala kokha ayi, koma utali wake. Magawo 3 mpaka 5 a masikweya mita 7.2 ndi 0.2 mpaka 0.36, koma mukaika bowo limodzi pakati, mudzakhala ndi malo owala kwambiri pamenepo ndipo kumapeto konse kuwiri kudzaoneka kwa mdima kuposa kale, popeza diso likazolowera powala limalephera kuona pakuda. Kuwala kochokera pamwamba kumafalikira bwino mtunda wofanana ndi kutalika kwa siling'i kuchokera pansi, kapena kupitirirako ndi theka. M'nyumba ya siling'i ya mamita 2.7, mabowo awiri a masentimita 40 mbali zonse, otalikirana mamita 3, lililonse lili mamita 1.5 kuchokera kumapeto, adzawalitsa kolido yonse mofanana, ndipo onse awiri pamodzi ndi masikweya mita 0.32 basi. Ngati thumba lilola ndipo mungawapeze, palinso mapaipi owalitsa amene ali ndi kachivundikiro koonekera padenga ndi mkati monyezimira ngati kalilole. Odziwika ndi a mamilimita 250 ndi 350 m'mimba mwake, ndipo awiri a 250 angakwanire kolido yotere popanda kutentha kodetsa nkhawa.

Tsopano za njira ya kuwala pakati pa malata ndi siling'i, imene imelo yanu sinatchule koma imene ingaononge mawerengero onsewa. Kungoboola siling'i pansi pa lata loonekera n'kuikapo galasi sikukwanira, chifukwa kuwala kwambiri kumatayikira m'denga, ndipo pagalasipo mudzakhala mukuona fumbi, ndowe za makoswe ndi mithunzi ya abuluzi. Pamafunika bokosi lotsekeka lochokera pa lata kufika pa siling'i, lopangidwa ndi mabolodi, lopakidwa penti yoyera mkati monse. Bokosi likatalika limadya kuwala kochuluka, choncho kolido, imene kawirikawiri imakhala pansi pa msonga ya denga pamene mpata uli waukulu, idzataya kuwala kuposa khitchini imene ili m'mbali. Ngati kutalika kwa bokosilo kwapitirira mamita 1.5, sankhani muyeso wapamwamba uja wa magawo 5, ndipo kalipentala alipange lotambasuka kumunsi kuti kuwala kumwazike. Lata loonekeralo lisakule kwambiri kuposa pakamwa pa bokosi, chifukwa lotsalalo lidzangotenthetsa mpweya wa m'denga, ndipo kutenthako kudzatsikira m'zipinda zogona madzulo. Chidutswa chokwana pakati pa matabwa awiri opingasa amene malata amakhomedwapo, kuphatikizapo chopitirira cholumikizira, ndi chokwanira.

Matabwa a denga nawonso ali ndi mawu pa nkhaniyi. Muyeze mpata umene uli pakati pa mathirasi (mafelemu a matabwa onyamula denga) ndi pakati pa matabwa opingasa musanagule kanthu, ndipo bowo likwane mumpatamo. Musalole kuti thirasi idulidwe pofuna kukulitsa zenera, chifukwa thabwa lililonse la thirasi limanyamula gawo lake la katundu, ndipo likadulidwa denga limayamba kupindika pang'onopang'ono. Ichi ndi chifukwa china chimene mabowo awiri aang'ono amaposera limodzi lalikulu. Ngati mukuganiza za zenera lenileni lagalasi lotsegula, monga a kampani ya ku Denmark ya Velux, dziwani kuti amabwera m'miyeso yokhazikika, monga masentimita 55 ndi 78 kapena 78 ndi 98, ndipo ambiri a iwo amafuna denga lotsetsereka madigiri 15 kapena kupitirira. Madenga obisika kuseri kwa khoma amene afala m'matauni masiku ano nthawi zambiri amakhala athyathyathya kuposa pamenepo, ndiye zenera lotero lingadonthe ngakhale litaikidwa mosamala. La 55 ndi 78 likugwirizana ndi khitchini yanu, ndipo kutsegula kwake kungathandize kutulutsa nthunzi ndi utsi, malinga ngati mwaikapo sefa yotchinga udzudzu.

Mbali ya denga imene bowo lili imasinthanso muyeso. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa kumpoto kwa dziko lapansi, kumene amati denga loyang'ana kumpoto ndilo limapereka kuwala kofatsa. Kwa ife n'zotembenuka: m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, moti mbali yoyang'ana kummwera ndiyo yofatsa kwa nthawi yaitali ya chaka. Mbali yoti muiope ndi ya kumadzulo, chifukwa imalandira dzuwa nyumba itatentha kale, ndipo ngati khitchini yanu ili mbali imeneyo, bwererani ku masentimita 60 mbali zonse. Kwa owerenga a madera ena, amene ali ku Nsanje, Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja atsike pa magawo 3 kapena kucheperapo, pamene a ku Dedza, Mzuzu ndi madera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje angakhale pa magawo 5 osadandaula.

Mtundu wa lata umayendera limodzi ndi kukula kwake. Loonekera mbee limalowetsa kuwala kochuluka koma limaponya chigamba cha dzuwa chothobwa m'maso pansi, pamene loyera ngati mkaka limachepetsa kuwala n'kukumwaza bwino, ndipo limeneli ndilo ndingakusankhireni. Pewani obiriwira ndi abuluu, chifukwa m'khitchini amasintha maonekedwe a chakudya. Malata a fibreglass amasanduka achikasu pakapita zaka ndipo kuwala kumachepa, pamene a pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate amakhalitsa ngati mbali yake yotetezedwa ku dzuwa yayang'ana kumwamba, zimene zimalembedwa pa pepala lomatidwa pa latalo. Polycarbonate imafutukuka ndi kutentha kuwirikiza pafupifupi kasanu kuposa chitsulo, choncho mabowo a misomali abooledwe okulirapo pang'ono, ndipo chidutswa chikakhala chachifupi vuto la kung'aluka ndi kudontha m'dzinja limachepanso. Bowo la masentimita 60 ndi 90 munthu angathe kulowerapo, ndiye muikemo zitsulo zotchinga akuba mkati mwa bokosi, ndipo aliyense wokwera padenga kukasesa masamba kapena kuika dishi auzidwe kuti lata limenelo siliponderedwa.

Popeza siling'i simunaike, muli ndi mwayi woyesa musanamalize. Kalipentala akhome zidutswa zoonekerazo pofolera, apange mabokosi, koma pakamwa pake atseke kaye ndi katoni. Masana a tsiku la dzuwa boolani katoniyo masentimita 40 mbali zonse, muime pamene padzakhale sinki, ndipo muzikulitsa pang'onopang'ono mpaka mutatha kuwerenga zilembo zing'onozing'ono za pa paketi ya mchere mosavutika. Mubwereze cha m'ma 4 koloko madzulo, kapena tsiku la mitambo ngati lilipo, ndipo muyeso umene wakukhutiritsani nthawi yachiwiriyi ndi umene kalipentala adule pa siling'i.