Ulendo wa ku Joni: pasipoti, banki ndi maganyu

Ndalandira imelo yochokera kwa mnyamata wina wa ku Mangochi, dzina ndalisunga. Mwachidule, ali ndi zaka 24, anamaliza Fomu 4, anaphunzira ukalipentala ndipo satifiketi ali nayo. Msuweni wake amene ali ku Cape Town wamuuza kuti angokwera basi, "mapepala tidzakonzera konkuno." Ndiye akufunsa kuti atenge mapepala ati, ngati angatsegule akaunti ku banki akafika, komanso ngati angayambe ndi maganyu podikira ntchito yokhazikika.

Achimwene, zikomo pondilembera musanagule tikiti. Mafunso anu ndi atatu koma onse amangirira pa chinthu chimodzi, chidindo chomwe adzakudindireni pa Beitbridge, boda ya pakati pa Zimbabwe ndi South Africa. Ndiyambira pa mawu a msuweni wanuwo, chifukwa ndi amene akundidetsa nkhawa.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu South Africa popanda viza ndipo amapatsidwa masiku osapitirira 30. Masikuwo ndi a mlendo wodzacheza, salola kugwira ntchito, ngakhale ganyu ya tsiku limodzi. Kuyambira 2014 malamulo awo salolanso munthu wolowa ngati mlendo kusinthira ku viza ya ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Viza ya ntchito imapemphedwa muli kwanu, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, mutapeza kale wokulembani ntchito. Pamafunika kalata ya bwanayo, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ya dokotala, ndiponso maphunziro anu aunikidwe ndi bungwe lawo la SAQA. Mu 2024 anayambitsa dongosolo la mapointi loyang'ana maphunziro, malipiro ndi zaka zomwe munthu wagwira ntchitoyo. Ndikuuzeni mosabisa: kwa kalipentala wongoyamba kumene, khomo limeneli ndi lopapatiza kwambiri. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwa zilolezo zapadera, ZEP ndi LEP. Amalawi tilibe chotero.

Ndiye munthu akamati mapepala akonzera konko, mufunseni modekha kuti mapepala ake ati. Kawirikawiri yankho limagwera pa njira zitatu. Ena amakapempha pepala la othawa kwawo, chonsecho ku Malawi kulibe nkhondo. Mapempho oterewa amakanidwa, ndipo bodzalo limatsala m'makompyuta awo pamodzi ndi zidindo za zala zanu. Ena amagula pemiti kwa munthu wapamsewu wodzitcha ejenti, pemiti yooneka bwino m'maso koma yosapezeka mu kompyuta ya Home Affairs, unduna wawo woona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko. Ena amapereka pasipoti kwa dalaivala kapena kondakitala kuti akaidinditse pa boda mwezi ndi mwezi, eni ake ali phee pa ntchito. Njira yachitatuyi ndi yofala mpaka ambiri aiwala kuti ndi mlandu. Chidindo chimatha kukhala chabodza inu osadziwa, ndipo pasipotiyo ikasowa m'manja mwa wina mulibe koti mukadandaule.

Za kupyola masiku muzidziwenso bwino. Mukapyola ndi masiku osapitirira 30, potuluka amakulembani kuti ndinu wosafunika m'dzikomo kwa miyezi 12. Mukapyola ndi masiku oposa 30, ndi zaka zisanu. Akakugwirani muli mkati, njira yake ndi ya kupolisi, kukhoti, kenako Lindela ku Krugersdorp komwe anthu amadikira kubwezedwa kwawo. Abale athu ambiri amene timawatcha matchona sanaiwale kwawo ayi. Masiku anawathera, akuopa boda, ndipo maliro a mayi awo amawamvera pa foni.

Sindikulemba izi kuti ndikuopsezeni. Ndikudziwa chomwe chimachotsa mnyamata ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Agogo athu anayenda njira yomweyi pa nthawi ya Wenela, mpaka boma la Kamuzu linaimitsa kulemba anthu a kumigodi ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Iwo ankapita ndi kontilakiti m'manja. Lero ambiri amapita ndi nambala ya foni ya msuweni basi, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumabweretsa mavuto onse omwe mukufunsawa.

Mapepala oyenera kukonza muli kuno ndi awa. Chiphaso cha unzika cha ku NRB chikhale chosatha ntchito, chifukwa pasipoti imachokera pa icho. Pasipoti kapempheni nokha ku Immigration, osadzera kwa madobadoba, ndipo yambani msanga. Mukukumbukira momwe kusindikiza mapasipoti kunaimira kumayambiriro kwa 2024. Chomwe ambiri sachilabadira ndi kalembedwe ka dzina. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa chiphaso, pa pasipoti, pa satifiketi ya MSCE ndi ya ukalipentala. Yusuf papepala lina, Yusufu papepala lina, kwathu kuno timangoti ndi yemweyo, koma kalaliki wa ku banki kapena wa ku SAQA adzakubwezani. Kukonza chilembo chimodzi muli ku Mangochi ndi ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri. Muli ku Cape Town ndi nkhani ya miyezi. Jambulani mapepala onse, muwasunge mu imelo yanu, makope ena musiyire munthu wodalirika kunyumba. Lembaninso penapake nambala za ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ofesi yathu ya ku Johannesburg, chifukwa pasipoti ikabedwa ndi kumeneko kopezera chikalata chobwererera kumudzi.

Ndipo pasipoti yanu musapatse munthu kuti akusungireni. Kaya ndi transipota, kaya ndi bwana, kaya ndi msuweni yemweyo. Amene wagwira pasipoti yanu wagwira miyendo yanu.

Tibwere ku banki. Mabanki a ku South Africa, monga Capitec, FNB, Standard Bank, Absa ndi Nedbank, amatsata lamulo la FICA lomwe limawakakamiza kudziwa bwino kasitomala aliyense. Kwa mlendo amafuna pasipoti, pemiti yovomerezeka ya ntchito kapena ya sukulu, ndipo nthawi zambiri umboni wa komwe mukukhala ndi komwe ndalama zikuchokera. Ndi chidindo cha masiku 30 chokha, musayembekezere akaunti wamba. Ngakhale amene ali ndi pemiti, ikatha asanaikonzenso banki imatha kutseka akauntiyo ndalama zili momwemo.

Chomwe chimathandiza ambiri ndi makampani otumiza ndalama monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa, omwe amalembetsa munthu ndi pasipoti ndipo ndalama zimafikira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki kuno. Yerekezani mitengo yawo tsiku lotumizalo, osangoyang'ana ndalama yodula koma kuti kunyumba alandira makwacha angati. Akaunti yanu ya kuno, ya ku banki kapena ya pafoni, musaisiye ife. Komanso musamasinthe ndalama zonse kukhala makwacha nthawi imodzi ngati palibe chogula. Amene anasunga makwacha ambiri mu November 2023 anaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse: malipiro anu asamalowe mu akaunti ya munthu wina. Zimayamba bwino, bwana akufuna kulipira kudzera ku banki, mnzanu akuti gwiritsani yanga. Pa lamulo ndalamazo ndi za mwini akaunti. Akadwala, akamangidwa, akabwezedwa kumudzi, kapena mtima ukangomutembenuka, thukuta lanu lapita ndipo ubale wathera pomwepo. Chimodzimodzi, inu mukadzakhala ndi akaunti, musabwereke munthu kuti alandirirepo ndalama zomwe simukudziwa kochokera, chifukwa akuba a pa intaneti amasaka anthu otere ndipo wogwidwa ndi mwini dzina.

Za maganyu, ndanena kale kuti chidindo cha mlendo sichikulolani. Koma ndikudziwa kuti Amalawi ambiri ali m'magadeni, m'makhitchini, m'mafamu ndi pa zomangamanga, ndiye ndibwino mudziwe zomwe lamulo la kumeneko limanena. Malipiro otsikitsitsa anakwera kufika R28.79 pa ola mu March 2025, ndipo amaunikidwa chaka ndi chaka. Ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mafamu nawonso ali pa mlingo womwewo. Munthu akakuitanani n'kukugwiritsani ntchito yosakwana maola anayi, ayenera kukulipirani maola anayi. Ndipo mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA (bungwe lomva madandaulo a pa ntchito), khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake si yovomerezeka amatetezedwabe ndi malamulo a ntchito. Kutanthauza kuti bwana sangakubereni malipiro n'kumati mulibe mapepala. Vuto ndi loti wopanda mapepala amaopa kupita ku CCMA, ndipo mabwana oipa amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake mtengo muzigwirizana ntchito isanayambe, makamaka pa WhatsApp kuti pakhale umboni, ndipo muzilemba tsiku, malo, maola ndi dzina la wokulembaniyo. Pa ntchito ya mlungu wonse, pemphani gawo lina pakati pa mlungu.

Poti ndinu kalipentala, mudzakokeredwa ku zomangamanga, komwe makontilakitala ang'onoang'ono amatola anthu pamsewu m'mawa osalemba dzina la aliyense. Pa 6 May 2024 nyumba yosanja yomwe inkamangidwa mu tauni ya George ku South Africa inagwa n'kupha anthu 34, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Zinatenga nthawi kuti ena azindikirike ndi kuti abale awo apezeke. Kulikonse komwe mungakagwire, wina wake azidziwa komwe muli tsiku limenelo, ndipo m'thumba muzikhala kope ya pasipoti ndi nambala ya kunyumba.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mtima uli pa ulendo, pitani kaye ngati mlendo weniweni, ndi ndalama yobwererera yosakhudzidwa. Kaoneni komwe msuweni wanu akugona, lendi yomwe akulipira, ndi pepala lomwe iye mwini ali nalo. Yendani m'mashopu a akalipentala, muonetse satifiketi ndi zithunzi za mipando yomwe munapanga, mufunse ngati alipo angakulembereni kalata ya ntchito. Mutuluke tsiku la pa chidindo lisanakwane. Liwerengeni nokha musanachoke pa kauntala, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepera 30. Musanalipire basi, mufunseni msuweniyo akutumizireni chithunzi cha pemiti yake, ndipo mukachiona mundilemberenso.