Kodi ndipite ku India akandidule chifu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Ali ndi zaka 41, amalemera makilogalamu 118, kutalika mamita 1.62, ndipo ali ndi shuga komanso BP. Akuti zakudya asala, m'mawa amayenda, koma thupi likatsika pang'ono limabwereranso. Achemwali awo akuwauza kuti apite ku India akawachite opaleshoni yochepetsa thupi. Funso lawo ndi lalifupi: ndipite?

Amayi, BMI yanu, muyeso woyerekeza kulemera kwa thupi ndi kutalika kwake, ili pa 45. Kwa zaka zambiri madokotala akhala akulola opaleshoniyi kwa munthu wa BMI 40, kapena 35 ngati ali ndi shuga kapena BP. Ndiye maganizo a achemwali anuwo si amisala, ndipo aliyense asakunamizeni kuti ndi njira ya alesi.

Maopaleshoni ofala ndi awiri, onse amachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pamimba. Pa gastric sleeve amachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, chotsalacho n'kumaoneka ngati nthochi. Njala imachepa chifukwa mbali yochotsedwayo ndiyo imapanga kwambiri ghrelin, homoni yodzutsa njala. Chachotsedwacho chapita, sichibwerera. Pa gastric bypass amadula chifu n'kupanga kathumba kangati dzira, kenako n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono. Imeneyi imathandiza kwambiri pa shuga ndi chilungulira, pamene sleeve nthawi zina imachikulitsa chilunguliracho. Ina yomanga chifu ndi lamba, gastric band, masiku ano saichita kawirikawiri.

Ku thiyeta mukhalako maola ochepa chabe. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi tsiku limene mudzatsike ndege ku KIA, bwalo la ndege la ku Lilongwe.

Masabata awiri oyamba ndi zamadzimadzi zokha, kenako zofewa ngati phala. Mukadzafika pa nsima, iwalani za mitanda iwiri. Muziyamba ndiwo, kaya nsomba, dzira kapena nyemba, nsima mbamu ziwiri zitatu basi mwakhuta. Madzi osamwera pa chakudya. Wa bypass akamwa Fanta kapena tiyi wa shuga wambiri amatha kutuluka thukuta, mtima kugunda, chizungulire, kenako kuthamangira kuchimbudzi. Mavitamini, B12, ayironi ndi kashiamu muzidzamwa moyo wanu wonse, n'kumayezetsa magazi nthawi ndi nthawi. Brufen amayambitsa zilonda za m'mimba, musamugwire. Kutenga pakati kudikire miyezi 12 mpaka 18. Mankhwala anu a shuga nawo adzafunika kuwasintha msanga, apo ayi shuga adzatsika mopitirira.

Ndiye palinso anthu. Kwathu kuno munthu akanenepa timati banja lamuyanja, akaonda mofulumira manong'onong'o amayamba, ena mpaka kufunsa pamaso kuti, “Kodi munakayezetsa?” Tsitsi nalo limathothoka miyezi yoyambirira. Taganizani muli kwa apongozi, akutandirani nsima yankhuku, inu mwatema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Adzati mwanyoza. N'chifukwa chake abambo akunyumba ndi amene amaphika ayenera kumva zonsezi kuchokera kwa dokotala musanapite, kuti adzakuyankhireni pa nthawi ngati imeneyo. Ndipo ngati mumadya mukakhumudwa, yambani mwaonana ndi mlangizi, chifukwa mpeni sufika kumeneko. Ena chakudya chikawakanika amagwera ku mowa, pamene munthu akachitidwa opaleshoniyi mowa umamuledzeretsa msanga.

Musanagule tikiti, afunseni a ku India kuti dokotala wawoyo wachita maopaleshoni angati otere, mudzakhalako masiku angati asanakuloleni kukwera ndege, ndiponso ngati adzakupatseni lipoti lolemba zonse zimene achita. Kenako pezani dokotala wa maopaleshoni konkuno amene avomere kukuyang'anirani, ndi katswiri wa zakudya. Pamalo pamene anasoka chifu pakachucha, thupi limatentha, mtima umathamanga, m'mimba mumapweteka, ndipo zimenezo sizidikira yankho la pa WhatsApp. Ngati dokotala ameneyo simunamupeze, ine ndinganene kuti ulendowu uyambe wadikira.