Kodi Rishi Sunak anathawira ku dera lina?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Chipani cha Conservative chinagwa pa chisankho cha 2024, nanga bwanji Rishi Sunak akadali phungu? Ndaonanso kuti dzina la dera lake lasintha. Kodi anathawira kwina atanunkhiza kuti zinthu sizili bwino?"

Ayi achimwene, Sunak, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain mpaka pa chisankhocho, sanathawe. Ku Britain nduna yaikulu sivoteredwa ndi dziko lonse ngati mmene timavotera pulezidenti kwathu kuno. Imapikisana m'dera lake ngati phungu wina aliyense, choncho chipani chikhoza kutaya boma munthuyo n'kupulumuka.

Dera lakelo lili kumpoto kwa England, ku North Yorkshire, ndipo ndi kumudzi zedi: zigwa za Wensleydale ndi Swaledale kumene amaweta nkhosa, timatauni ta misika monga Leyburn ndi Hawes, komanso kampu yaikulu ya asilikali ya Catterick. Kale linkatchedwa Richmond (Yorks), polisiyanitsa ndi Richmond ya ku London. Bungwe loona za malire litaunikanso madera mu 2023, lamulo linati dera lililonse, kupatula zilumba zochepa, likhale ndi ovota pakati pa 69,724 ndi 77,062. La Sunak linali ndi ovota opitirira pamenepo, ndiye anadula mbali ya Bedale n'kuipereka ku dera la Thirsk and Malton, natcha lotsalalo Richmond and Northallerton. Ine ndikuona kuti dzinali linachedwa kubwera, pakuti Northallerton ndiyo tauni yaikulu m'deramo, komanso likulu la khonsolo ya North Yorkshire.

Kumbali ya mavoti, anthu amenewa ndi a nganganga. Chipani cha Liberal chinapambanako mu 1906, koma kuyambira 1910 mpaka lero ndi Conservative yokhayokha. Leon Brittan anali phungu wawo kuyambira 1983, kenako William Hague, yemwe anatsogolera chipanicho kuyambira 1997 mpaka 2001, n'kudzasiyira Sunak mu 2015. Aphungu awiri motsatizana, onse n'kukhala atsogoleri a chipani.

Pamene mpandowu unagwedezeka kwenikweni ndi mu 1989. Brittan anasiya uphungu kupita kukagwira ntchito ku European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za European Union, ndipo panachitika chisankho chapadera. Anthu anali atatopa ndi boma la Margaret Thatcher, moti Hague, wa zaka 27 zokha, anapeza mavoti osafika 40 peresenti. Chinamupulumutsa ndi mkangano wa otsutsa. Zipani za Liberal ndi Social Democratic Party (SDP) zinali zitaphatikizana chaka chapitacho, koma David Owen, yemwe anali atatsogolerapo SDP, ndi anthu ake anakana, n'kupitiriza ndi SDP yawoyawo. Mbali zonse ziwiri zinaimika munthu ku Richmond, n'kugawana mavoti amene pamodzi anaposa a Hague. Iye anadutsa pakati, kuposa wa SDP ndi mavoti 2,634 basi. Kumeneko kulibe za 50+1. Wotsogola ndi voti imodzi yemweyo watenga.

Mu 2024 panali mphekesera zoti Sunak akhoza kugwa kwawo komweko, ndipo Liz Truss, yemwe anali nduna yaikulu Sunak asanalowe, anatayadi mpando wake wa South West Norfolk pa chisankho chomwecho. Kusiyana kwa mavoti kunatsikadi, kuchoka pa 27,210 mu 2019 kufika pa 12,185 pamwamba pa wa Labour, koma m'chaka chimene chipani chake chinatsala ndi mipando 121 yokha mwa 650, umenewo unali umodzi mwa mipando yolimba kwambiri imene chinasunga.