Musataye Gruyère wanuyo, achemwali

Achemwali, mwafunsa ngati tchizi wa Gruyère amene anakubweretserani kuchokera ku Switzerland uja wachita chuku. Sanawonongeke ayi, musamutaye. Timadontho toyera tolimba timene mukutiona mkatimo, tija timamveka ngati mchenga pansi pa mano, si chuku ayi. Timabwera tchizi akakhwima bwino, ndipo ambiri amatifuna dala. Gruyère amapangidwa ndi mkaka wa ng'ombe wosawiritsa, kenako amasungidwa miyezi yosachepera 5 asanagulitsidwe, ndiye n'chifukwa chake ndi wouma komanso wa fungo lamphamvu chonchi.

Chuku chenicheni chimamera pamwamba, chobiriwira kapena chaubweya. Chikaoneka, dulani mbali imeneyo mozama ngati masentimita 2 kapena 3, mpeni usakhudze chukucho, wotsalayo idyani. Zimenezi n'zotheka pa tchizi wolimba yekha, wofewa akachita chuku ndi wotaya basi.

Pa kasungidwe ndinaphunzirira pa kulakwitsa. Ndinkamukulunga mu pulasitiki n'kumanga zolimba, ndipo pakangotha sabata ankachita thukuta n'kuyamba kununkha. Tsopano ndimakulunga ndi pepala lophikira makeke, n'kuika m'kabokosi kosatseka kwambiri, m'kabati ya masamba ya mufiriji. Magetsi akazima maola ochepa tchiziyu sawonongeka, bola musamatsegule firiji pafupipafupi. Mutulutseni theka la ola musanadye kuti kukoma kumveke. Amasungunukanso bwino kwambiri pa mbatata yophika kapena m'mazira okazinga.

Koma poti mwati ndinu oyembekezera, ndipo mkaka wake ndi wosawiritsa, funsani kaye anamwino kusikelo kapena dokotala wanu musanayambe kudya.